Makina oyezera BP a Omron M2: zomwe ndaona powagwiritsa ntchito kwa amayi anga odwala shuga

Kwa inu amene muli ndi kholo kapena m'bale wodwala shuga pakhomo ndipo mukuganizaganiza zogula makina oyezera BP, ndinene pompano kuti gulani ndithu, ndipo mugule omanga kumtunda kwa mkono osati aja ovala ngati wotchi. Athu ndi a Omron M2, tinasonkherana ana kugulira amayi ku famase ina ku Limbe, ndipo pa zinthu zonse zomwe tatulutsira ndalama chiwapezereni ndi shuga, awa ndi amene ndikuona kuti asintha zinthu kwambiri, kuposa tiyi uja wodula amati ndi wa odwala shuga, kuposa zina zambiri zomwe anthu amatiuza kuti tigule.

M'mabanja ambiri momwe muli shuga maso onse amakhala pa shuga basi. Tiyi wopanda shuga, nsima ya mgaiwa, zakumwa zozizira ayi, kuboola chala m'mawa, kusakasaka masitiripi oyezera shuga akatha, zonsezo timazidziwa ndipo timazitsatira. Koma BP timaisiyira tsiku la kiliniki, munthu amayezedwa kamodzi pakatha mwezi kaya miyezi itatu, nthawi zina wafika atatopa ndi minibasi komanso mzere, nthawi zina kuchipatala kwina wapeza makina awo mabatire atha nde amangolemba mankhwala omwewo n'kumuuza kuti adzabwerenso. Pamene shuga ndi BP zimayenda limodzi kwambiri ndipo zimawononga malo amodzimodzi, timitsempha ting'onoting'ono ta m'maso, ta mu impso, ta kumapazi, ndi mitsempha ikuluikulu yopita kumtima ndi kuubongo. Anesi ena anatifotokozera bwino tsiku lina, anati mitsempha ya munthu wa shuga ili ngati chubu cha njinga ya kabaza chomwe chamatidwamatidwa kale, nde BP ikakwera ndi ngati mukupopabe mpweya osaleka, penapake paphulika basi.

Ndipo izi si zongokamba. Ku Britain kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa UKPDS, zotsatira zake za BP zinatuluka mu 1998, anatsatira anthu 1,148 odwala shuga omwe analinso ndi BP. Gulu lomwe BP yawo inatsitsidwa mwamphamvu kufika cha m'ma 144/82, poyerekeza ndi anzawo omwe inali cha m'ma 154/87, sitiroko inachepa ndi 44% ndipo imfa zokhudzana ndi shuga zinachepa ndi 32%. Taonani kusiyana kwa manambalawo, ndi 10 yokha pa nambala yoyambayo, koma miyoyo yomwe inapulumuka ndi yambiri. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti 32.9% ya anthu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, 5.6% anali ndi shuga, ndipo ochuluka zedi mwa a BP aja sankadziwa n'komwe kuti ali nayo. Munthu mmodzi pa atatu alionse abale anga, ndipo chaka chimenecho ndi kalekale.

Tsopano za makinawo. M'bokosi mumapeza kamakina kenikeniko, lamba womanga pamkono wokhala ndi kapaipi, ndi kabuku ka malangizo. Amayendera mabatire anayi a AA, ndipo ichi kwa ine ndi chabwino chifukwa magetsi akazima ntchito siiyima. Pali polowetsa chingwe cha magetsi koma chingwecho amagulitsa pachokha, ife sitinagule ndipo sitinachifunepo. Kampani yake ndi ya ku Japan. Chomwe ndinakondera poyamba ndi choti kuyatsa, kuyeza ndi kuzimitsa zonse ndi batani limodzi lalikulu, mukadina lamba amayamba kudzaza mpweya yekha, amafinya mkono, kenako n'kumamasula pang'onopang'ono, pasanathe mphindi manambala atuluka. Manambalawo ndi akuluakulu, amayi maso awo ayamba kuvutavuta koma amawerenga okha atavala magalasi. Pamwamba pamalembedwa SYS, imeneyo ndi nambala yaikulu ija, pakati DIA yomwe ndi yaing'ono ija, pansi PULSE komwe ndi kugunda kwa mtima pa mphindi. Nambala yachitatuyi anthu ambiri imawasokoneza, ena amaiwerenga ngati BP, nde muwafotokozere akuluakulu tsiku loyamba lomwelo kuti ya BP ndi ziwiri zapamwambazo.

Palinso kachizindikiro kosonyeza ngati lamba mwamanga bwino, ndi kena komwe kamatuluka makinawo akamva kuti mtima ukugunda modumphadumpha. Kakatuluka kamodzi chifukwa munthu wagwedezeka si nkhani, koma kakamatulukatuluka mukawauze adokotala, chifukwa kugunda kosalongosoka kwa mtima nako kumatha kubweretsa sitiroko.

Koma makina abwino amathanso kukupatsani nambala yabodza ngati mukuyeza molakwika, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo chifukwa ndaona anthu akuyeza ataimirira pashopu, ena pamwamba pa juzi. Kwathu zimayenda chonchi. Amayi amadzuka m'bandakucha, ndipo mwachibadwa chawo amafuna ayambe asesa panja, ateleke madzi, kenako n'kubwera akupuma mwawefuwefu atatambasula kale mkono kuti "tandiyeza msanga iwe, madzi aphwera pamoto." Nde timawauza kuti "Amayi, khalani kaye pansi, madziwo ndiphula ine." Amayamba apita kuchimbudzi chifukwa chikhodzodzo chikadzaza nambala imakwera, kenako amakhala pampando wokhala ndi potsamira, mapazi onse pansi osapingasa miyendo, n'kukhala phee mphindi 5. Asanamwe tiyi, asanamwe mankhwala. Mkono umakhala patebulo, timaikapo kapilo kuti lamba afanane ndi pamtima, lamba amamangidwa pakhungu penipeni, pang'ono chabe kumtunda kwa chigongono, kapaipi kataloza kudzanja, osathina kwambiri, zala ziwiri zizitha kulowa. Bulauzi ya manja othina ndi bwino kuvula mkono umodzi kusiyana ndi kuipinda chifukwa ikapindidwa imafinya mkono payokha. Ndipo makina akamayenda palibe kuyankhula. Ichi n'chimene chimavuta kwambiri, pakadutsa a neba panja n'kupereka moni, amayi kusayankha amaona ngati mwano, nde tinachita kuwapempha a nebawo kuti akaona chitseko cha pabalaza chotseka m'mawa adziwe kuti tikuyeza, moni abwera nawo pambuyo. Tikayeza kamodzi timadikira mphindi imodzi kaya ziwiri n'kuyezanso, zonse ziwiri timalemba. Madzulo chimodzimodzi asanagone.

Makinawo amasunga okha manambala am'mbuyo koma ine ndikulangizani mugule kope ya ana asukulu, mujambule mizere, tsiku, nthawi, BP, kugunda kwa mtima, shuga ngati mwayeza, ndi kampata kolemba zina monga "sanagone bwino" kapena "anali kumaliro dzulo." Adokotala alibe nthawi yodinadina makina anu panja pali mzere wa anthu, koma kope amaiona n'kumvetsa nthawi yomweyo. Sitiyeza tsiku ndi tsiku chaka chonse ayi, timayeza m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu tikamayandikira tsiku la kiliniki kapena akasintha mankhwala, masiku enawo ndi apo ndi apo.

Kope imeneyi ndi yomwe inasintha chithandizo cha amayi. Iwo anakhala nthawi yaitali akumwa HCTZ yekha pa nkhani ya BP, kuphatikiza metformin ndi glibenclamide za shuga, ndipo nambala ikakwera kuchipatala tonse tinkangoti ndi kutopa kwa ulendo. Titayamba kuyeza kunyumba, munthu atagona bwino, atapuma, ali pampando wake, manambala ankangozungulira m'ma 150 ndi 160 kumtunda, pansi m'ma 90. Si kutopa kumeneko. Tinanyamula kope ndi makina omwe kupita nazo ku kiliniki, a kiliniko anayamba ayeza ndi makina awo kenako ndi athu pamkono womwewo, manambala anayandikana kwambiri, anasiyana pang'ono chabe, nde anati athuwa tiziwakhulupirira. Anatsegula kope ija n'kuyang'ana tsamba lonse, kenako anawafunsa amayi kuti, "Mayi, mankhwalawa mukumwa tsiku lililonse?" Atatsimikiza anawonjezera enalapril, n'kutiuza kuti mankhwala a mtundu umenewu amakondedwa kwa odwala shuga chifukwa kupatula kutsitsa BP amatetezanso impso, anayezetsanso mkodzo kuti aone ngati mukutuluka puloteni komanso magazi oonera impso. Chonde ngati m'bale wanu wa shuga sanayezedwepo mkodzo, pemphani, impso zimawonongeka mwakachetechete ndipo mkodzo ndi umene umayamba kuulula. Kwa zaka zambiri dayalisisi ya boma m'dziko muno, kusefa magazi ndi makina impso zikalephera, inali ku Queens ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe basi, aliyense amene anadwazikapo munthu wa impso akudziwa mmene banja limavutikira zikafika pamenepo.

Enalapril uja anawabweretsera kachifuwa kouma kosatha, kokhosomola usiku popanda makhololo, ndipo izi zimachitika kwa anthu ena ndi mankhwala amenewa. Sitinasiye patokha, tinabwerera kukanena ndipo anawasinthira ku losartan, chifuwa chinatha. Enanso amapatsidwa amlodipine, ameneyo ena amatupa naye mapazi, nazonso ndi zokanena osati kungotaya mapilitsi. Ndipo amayi oyembekezera kapena amene akufuna kutenga pakati, enalapril ndi losartan si zanu, muwauze adokotala msanga. Pano manambala a amayi m'mawa amakhala cha m'ma 130, pena kutsikirapo. Malangizo a mu 2021 a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati munthu wa BP ayenera kukhala pansi pa 140/90, koma kwa amene ali pachiopsezo chachikulu monga odwala shuga nambala yapamwamba itsike kufika pansi pa 130, ndipo bungwe la shuga la ku America limanena za pansi pa 130/80. Koma nambala yoyenera kholo lanu aikambe ndi adokotala ake, kwa agogo okalamba kwambiri omwe amachita chizungulire sayithamangitsa chimodzimodzi.

China chomwe makinawa anathetsa m'nyumba mwathu ndi nkhani ya "ndikuimva BP yanga." Amayi, ngati azimayi ambiri a msinkhu wawo, ankakhulupirira kuti BP ikakwera amaimva, mutu umawawa, kukhosi kumalemera, ndipo tsiku lomwe adzuka bwino ndiye kuti yatsika nde palibe chifukwa chomwera mankhwala. Kuwauza pakamwa sizinkathandiza. Koma ataona okha pasikirini kuti tsiku lomwe akuseka, akuti thupi lili myaa, nambala ili 162, ndipo tsiku lina mutu ukuwawa nambala ili bwinobwino, anakhala chete n'kuyang'anitsitsa, kenako anati "nde kuti chinthuchi chimabisala eti." Chiyambire pamenepo mapilitsi sadumphitsa, ndipo ndi iwo amene amatikumbutsa akatsala ochepa. Pa ichi chokha ndalama yathu inabwerera.

Kwa munthu wa shuga palinso phindu lina lomwe sindinkaliganizira pogula. Chizungulire, kufooka, thukuta, kunjenjemera, zimatha kukhala kuti shuga watsika kwambiri, makamaka kwa omwe akumwa glibenclamide kapena kubaya insulin ndipo achedwa kudya, komanso chizungulire chimatha kukhala cha BP yomwe yatsikitsitsa. Popanda choyezera mumangolota, wina akuti apatseni shuga wina akuti ayi ndi BP. Pano timayamba kuboola chala chifukwa shuga wotsika sadikira, akakhala pansi pa 70 mg/dL timawapatsa madzi a shuga nthawi yomweyo kenako chakudya, akakhala bwino timayeza BP. A kiliniko anatiphunzitsanso kuti ngati akudandaula chizungulire akamadzuka pampando, tiyeze atakhala kenako tiyezenso ataimirira, chifukwa shuga wa zaka zambiri amatha kuwononga minyewa yomwe imathandiza kuti BP isagwe munthu akaimirira. Nambala ikamagwa kwambiri poimirira ndi zokanena kuchipatala, kugwa kwa munthu wamkulu si masewera.

Kope ija inatithandizanso kugwira zinthu ziwiri. Choyamba mankhwala a ululu. Amayi amavutika mawondo, nde ankatuma ana kugolosale kukagula brufen kapena indosidi, sabata yomwe amwa kwambiri manambala ankakwererapo. Titafunsa anatiuza kuti mankhwala a gulu limenelo, pamodzi ndi diclofenac, amakweza BP komanso amavulaza impso, makamaka kwa munthu wa shuga yemwe akumwanso enalapril kapena losartan ndi HCTZ. Pano akamva kuwawa ndi panado, zikapitirira ndi kuchipatala. Chachiwiri mchere. WHO imati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi osadzadza n'komwe, kuwerengera zonse zomwe wadya tsikulo. Nde taganizani mchere wa mundiwo, wina wothira pambale, timakyubu tokometsera tija, soseji, tchipisi cha pamsewu, nsomba zouma zothira mchere, ndiponso soda yemwe timathira mu therere ndi m'masamba, nayenso ali ndi sodium yemweyo amene ali mumchere ndipo amakweza BP. Sitinathetse mchere, tinangochepetsa mumphika wa banja lonse ndipo kambale ka mchere kanachoka patebulo. Masabata oyamba ana ankadandaula kuti ndiwo sizikukoma, pano anazolowera, tomato, anyezi ndi nsinjiro zimakometsa bwinobwino. Kuwaphikira odwala kamphika kawokawo pambali ine sindigwirizana nazo, munthu amadziona ngati wasalidwa ndipo mapeto ake amakatapa ndiwo za anzake.

Ndinenepo za makina a pamkono ovala ngati wotchi aja chifukwa ndi omwe tinali nawo poyamba, achibale anatigulira mushopu ina ya zamagetsi m'tauni, opanda dzina lodziwika, otchipa. Mukayeza kawiri motsatizana manambala ankasiyana ndi 20 kaya 30, mkono ukangotsika pang'ono nambala yakwera, mukaukweza yatsika, moti amatha kukuopsezani kapena kukunamizani kuti zonse zili bwino. Titabwerera nawo kushopuko anati katundu akatuluka sabwezedwa. Olo a dzina lodziwika a pamkono wapansi amafuna kuti dzanja likhale ndendende pamtima, zomwe akuluakulu ambiri sakwanitsa, n'chifukwa chake madokotala amalimbikitsa omanga kumtunda. Pa intaneti pali mndandanda wa STRIDE BP wa makina omwe anayesedwa ndi akatswiri kuti amayeza zoona, musanagule lembani dzina ndi nambala ya makinawo muone ngati alipo. Ndipo mugule ku famase yomwe ikupatsani lisiti, katundu wachinyengo wolembedwa mayina a makampani odziwika aliko.

Zoti muzidziwe musanatulutse ndalama zilipo. Mtengo ndi wokwera kwa munthu wamba, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 katundu wochokera kunja amasintha mtengo pafupipafupi, nde yendani mafamase angapo mufunse, amasiyana ndithu, ndipo amene muli ndi abale ku Joni kapena ku UK afunseni ayerekeze ndi kumeneko. Kenako lamba. Amene amabwera ndi M2 wathu ndi wa mkono wa masentimita 22 mpaka 32, nde musanapite kogula tengani tepi ya atelala muyeze kuzungulira mkono pakatikati pa phewa ndi chigongono. Odwala shuga ambiri ndi athupi, ndipo lamba akachepa nambala imatuluka yokwera kuposa yeniyeni, munthu mpaka kuwonjezeredwa mankhwala pachabe. Azakhali athu nawonso ali ndi shuga, mkono wawo ndi waukulu, iwowa amafunika lamba wamkulu wofika 42 yemwe amagulidwa payekha. Wogulitsa wabwino amayenera akufunseni za mkono, akapanda kufunsa funsani ndinu. Mabatire gulani a alkaline, aja otchipa a pamsika amatha msanga chifukwa kupopa mpweya kumadya moto, ndipo mukadziwa kuti makina akhala nthawi osagwira ntchito achotseni angadzatayikire mkati. Kabuku ka malangizo mulibe Chichewa, nde pafunika mwana kapena mdzukulu akhale pansi ndi agogo kuwaonetsa mpaka azolowere. Munthu akagwedezeka kapena kuyankhula pasikirini pamatuluka E ndi nambala, musaope kuti awonongeka, zimitsani, mupume pang'ono, muyambirenso. Lamba musamukwinyekwinye kapena kupinda kapaipi, ndipo kamodzi pachaka pitani nawo ku kiliniki akawayerekeze ndi awo.

Vuto lina si la makina koma la mtima wa munthu. Masabata oyamba amayi ankafuna kuyeza kangapo patsiku, akaona 148 nkhawa, ayezenso pompo yakwera chifukwa cha nkhawa yomweyo, ayezenso. BP imasinthasintha tsiku lonse, munthu akakwiya, akamva uthenga wa maliro, akamwa tiyi wamphamvu, nambala imodzi payokha siinena zambiri, chofunika ndi chithunzi cha sabata yonse. Tinagwirizana nthawi zoyezera ndipo zikatha makina amabwerera m'kabati. Ngati kholo lanu ndi la nkhawa, makinawo asunge munthu wina. Ndipo chonde makina si dokotala, nambala ikatsika sindiye kuti mwachira musiye mankhwala, yatsika chifukwa cha mankhwalawo, ikakwera musamwe mapilitsi awiri panokha kapena kubwereka a neba.

Apa ndinenenso za ogulitsa mankhwala azitsamba omwe amayenda m'minibasi ndi pa WhatsApp kuti botolo limodzi limachiza shuga ndi BP kotheratu. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anasiya mapilitsi chifukwa cha botolo lotere, anabwera kwathu akusangalala kuti timuyeze aone mmene wachirira, nambala inali yoopsa moti tinamuperekeza kuchipatala tsiku lomwelo. Adyo, chammwamba, mandimu, idyani ngati chakudya palibe akuletsa, koma mapilitsi asachoke. Zimandipweteka mtima chifukwa anthu amene amapusitsidwa ndi omwe atopa ndi kupita kuchipatala n'kuuzidwa kuti mankhwala atha mukagule, ndipo ndalama yomwe akanagulira amlodipine wa mwezi wathunthu imathera kwa munthu amene mawa simumuonanso.

Nambala yoti muisunge pamtima ndi 180/120. Mukapeza yafika pamenepo kapena kupyola, mukhazikeni munthuyo apume mphindi zingapo muyezenso, ikakhalabe pomwepo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Koma ngati pali kupweteka pachifuwa, kubanika, kukamwa kwapindikira mbali imodzi, mkono kapena mwendo wafooka, mawu sakumveka bwino, maso achita mdima mwadzidzidzi, musatayenso nthawi ndi makina, fufuzani galimoto pompo. Odwala shuga ena vuto la mtima limawagwira popanda ululu waukulu pachifuwa, amangoti afooka, akutuluka thukuta, akubanika, nde musadikire kuti mpaka alire.

Mukagula dziwani kuti simugulira nyumba yanu yokha. Anthu akamva kuti pakhomo paja pali makina amayamba kubwera, ndipo ife sitibweza munthu, tangoika lamulo loti akhale kaye pansi mphindi 5 ngati wina aliyense, ndipo nambala ikakwera timamulembera pakapepala kuti apite nako kuchipatala, sitipereka mankhwala kapena malangizo a mankhwala. Angapo mwa iwo anali asanayezedwepo chibadwire, ena achinyamata ndithu a zaka za m'ma 30 oyendetsa kabaza, ndipo ena lero ali pa mankhwala. Nde kwa amene mukuona kuti panokha simungakwanitse, ganizirani zosonkherana, banki m'khonde, gulu la amayi a mvano, mphakati, kwaya, makina amodzi atha kuthandiza mudzi ngati pali munthu mmodzi wowasamala yemwe waphunzitsidwa kuyeza bwino, ndipo azaumoyo a m'dera lanu atha kukuonetsani. Ku Neno, komwe boma limagwira ntchito ndi a Abwenzi Pa Za Umoyo, anaphatikiza kiliniki ya matenda okhalitsa kuti wa shuga, wa BP, wa mphumu, wa khunyu ndi wa ma ARV azithandizidwa malo amodzi, munthu osayenda maulendo awiri pa matenda awiri. Ndimalakalaka zikanakhala choncho paliponse, koma podikira zimenezo kope ya kunyumba imathandiza kulumikiza zomwe a shuga akuona ndi zomwe a BP akuona.

Kodi ndingagulenso? Eya, omwewa. Amayeza mofanana ndi a kuchipatala, amayi amatha kuwagwiritsa ntchito okha ife tili kuntchito, ndipo chigulireni sanativutitsepo. Amene shuga wawapeza kumene ndipo ndalama ndi yochepa, kambiranani ndi a kiliniko kuti muyambe ndi chiti, ngati mukubaya insulin kamakina ka shuga ndiye koyamba palibe kukambirana, koma ngati muli pa metformin yekha ndipo BP inapezekapo yokwera, makina a BP ali ndi ubwino woti mukagula mwagula, safuna masitiripi mwezi ndi mwezi, ndi mabatire basi. Popita kogula tengani muyezo wa mkono, mupemphe akuyezeni pomwepo ndi makina omwe mukugulawo muone kuti akuyenda, mufunse za lamba wamkulu ngati mukufunika, ndipo lisiti muisunge m'bokosi momwemo. Ife mwezi ukatha tikusonkherananso kugula lamba wa 42 uja kuti azakhali nawo ayambe kope yawo asanapite ku kiliniki yotsatira.